Funsani Amalume: Mwana wanga wakana kubwera holide, ati akalondola bandi ku America

Amalume muli bwanji? Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chelstone, ndimagulitsa salaula pa msika. Mwana wanga woyamba wamwamuna ali ku America chaka chachiwiri manje, anapita pa sikolashipi kukaphunzira za makompyuta, ali ndi zaka 22. Chaka chatha sanabwere chifukwa cha ndalama ya ndeke, ndinamvetsa. Chaka chino ndakhala ndikuponya mu chilimba mwezi ndi mwezi kuti ndimuthandize theka la tiketi abwere mu Juni, manje sabata yatha wandiimbira pa WhatsApp ati mami sindibwera, ine ndi anzanga atatu tikwera motoka imodzi tikalondole bandi inayake dzina lake Phish, mizinda isanu kapena isanu ndi umodzi, tizigona m'matenti. Ndamufunsa kuti bandi imodzimodziyo uionere kangati iwe, ati mami simungamvetse, tsiku lililonse amaimba zosiyana. Wanditumizira chithunzi atavala sikipa ya mitundumitundu ngati yagwera mu dayi, tsitsi losapesa. Ati ndalama ya petulo azikaipeza pogulitsa buledi wa tchizi pamalo oimika magalimoto. Mlongo wanga akuti zimenezi ndi za ziwanda ndimuletse msanga. Usiku sindikugona Amalume. Kodi ndi chipembedzo ichi? Mwana wanga walowa chamba? Ndichite bwanji?

Mayi wodandaula, Chelstone

Mayi, zikomo polemba, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi pa chinthu chimodzi: si chipembedzo ayi, komanso mwana wanu sakunama pamene akuti tsiku lililonse amaimba zosiyana. Pali zina m'kalata mwanu zomwe zandidetsa nkhawa ndithu, tifikako, koma nyimbozo si zina mwa izo.

Mabandi amenewa azungu amawatcha jam band. Oimba ena tikapita ku shoo yawo timadziwiratu kuti nyimbo yakuti itenga mphindi zinayi ngati momwe ilili pa wailesi, koma awa amayamba nyimbo bwinobwino, vesi yoyamba, yachiwiri, kenaka amaisiya njira n'kulowa kuthengo, wa gitala ayamba kake, wa besi amuyankha, wa ng'oma asintha kayendedwe, mpaka mphindi 20 kapena 30 zikutha asanabwerere pomwe anayambira, ndipo iwo eni ake sadziwa kuti lero ikafika kuti. Inu ndi ine zimenezi si zachilendo. Kumbukirani rhumba ikafika pa sebene mmene wa gitala amaikokera anthu akavina osafuna kuti ithe, kapena kalindula ya pa ukwati yomwe pa kaseti ndi yaifupi koma pabwalo imatha pokhapokha ovina atatopa. Kusiyana kwake n'koti awa anapanga kukoka nyimboko kukhala ntchito yawo yonse. Shoo imodzi imakhala ndi zigawo ziwiri ndi kupuma pakati, maola atatu onse pamodzi.

Amene anayambitsa mwambo wolondola bandi ndi gulu lotchedwa Grateful Dead, linayamba mu 1965 kufupi ndi San Francisco ku California. Pa zaka 30 anaimba mashoo oposa 2,300, ndipo chifukwa sankabwereza ndondomeko ya nyimbo anthu anayamba kuwatsatira tauni ndi tauni, ena miyezi yathunthu, mpaka anapatsidwa dzina loti Deadheads. Chomwe chimandisangalatsa ine n'choti bandiyi inkalola anthu kujambula shoo pa matepi awo, mu 1984 anapatula ndi malo apadera a ojambulawo, ndiye makaseti aja ankayenda dzanja ndi dzanja kwaulere, wina akupatsa wa chaka chakuti iwe umupatsa wa tauni yakuti. Mtsogoleri wawo Jerry Garcia anamwalira mu Ogasiti 1995 ndipo gululo linathera pomwepo, koma mwambo sunafe. Phish yomwe mwana wanu akukamba inayamba mu 1983 ku Burlington m'chigawo cha Vermont, anali ana a pa yunivesite ngati iyeyo. Ndi amuna anayi, pano ndi madala a imvi. Mu 2017 anaimba mausiku 13 mu holo imodzi ya Madison Square Garden ku New York osabwerezako nyimbo ngakhale imodzi, nyimbo 237. Ndiye mwana akamati mami n'zosiyana, akunena zoona. Ngakhale sikipa ya mitundumitundu ija ndi yunifomu chabe ya anthu a kumeneko, ngati sapota wa Nkana kuvala zofiira.

Ndipo ndinene, ine mtima wa mwanayu ndikuumva. Ndili mnyamata m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Zamrock, mayina a WITCH, Ngozi Family, Amanaz ali pakamwa pa aliyense, tinkayenda wapansi kuchoka ku Matero kulowa m'tauni tikangomva kuti kuli bandi, nsapato titapukuta, ndalama ya pakhomo titasonkherana anthu anayi. Ndimakumbukabe kuima kutsogolo penipeni pafupi ndi sipika mpaka malaya kunjenjemera pachifuwa, wa gitala atatsinzina thukuta likugwera pa mawaya, nyimbo yomwe tinkaidziwa bwino ataisandutsa china chake chomwe sitinamvepo ndipo sitinadzachimvenso. Tinkabwerera m'bandakucha mumphepo ya Julayi tikukangana njira yonse kuti lero ndi sabata yatha yaposa ndi iti. Pa anzanga aja wina anadzakhala mphunzitsi, wina dalaivala wa sitima, wina mkulu wa mpingo. Munthu kuyenda mtunda chifukwa cha ng'oma si misala, a kwathu kum'mawa chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti amadzaza mabasi pa Intercity kupita ku Kulamba ku Mkaika, ena kuchokera ku Malawi ndi ku Mozambique, kugona paliponse, ndipo palibe amene amawafunsa kuti gule yemweyo muonere kangati.

Manje tifike pomwe pali ngozi yeniyeni, ndipo apa mumvetsetse bwino chifukwa mlongo wanu akuyang'ana kolakwika.

Buledi wa tchizi uja ndi amene wandiopsa kuposa zonse. Kunja kwa shoo iliyonse, pamalo oimika magalimoto, pamakhala kamsika ka otsatira bandi komwe amakatcha Shakedown Street, ena akuotcha buledi pa kasitovu, ena masikipa, ena madzi ndi mowa mu kula bokosi, ndipo zoona ambiri amapeza petulo mwa njira imeneyo. Koma anzake atatuwo ngati ndi nzika za America iwo akagwidwa mwina alipira faindi n'kumapita. Mwana wanu ali pa viza ya sukulu, F-1, yomwe imamulola kugwira ntchito pa sukulu pomwe akuphunzira, koma kunja kwa sukulu pamafunika chilolezo chapadera. Kugulitsa malonda pa msika wotere ndi ntchito yopanda chilolezo, ngakhale phindu lake litakhala madola 10, ndipo zingamuthere viza pamodzi ndi sikolashipi yomwe. Inu ndinu wamalonda, mukudziwa kusiyana kwa amene ali ndi tebulo lake mu msika ndi amene wayala m'mbali mwa msewu akansolo akabwera. Muuzeni mosapita m'mbali: asagwire ndalama ya kasitomala ngakhale kamodzi. Apite kaye ku ofesi ya ophunzira akunja pa sukulu yakeyo, sukulu iliyonse yolandira alendo ili nayo, akafunse asanayambe ulendo.

Za chamba sindikubisirani, kumalo amenewa chimapezeka, ndi zina zoposa chamba, kuphatikizapo mabaluni a mpweya wotchedwa nitrous oxide omwe amagulitsidwa poyera ndipo anthu amagwa nawo n'kuvulala mitu. Jerry Garcia yemwe uja anavutika ndi mankhwala zaka zambiri, anamwalira ali ndi zaka 53 zokha ali pamalo othandizira anthu kusiya mankhwala. Koma sikipa ndi tsitsi sizitiuza kuti mwana wanu walowamo, ambiri amapita kukamva gitala basi. Chomwe ayenera kudziwa n'chakuti zigawo zina monga Colorado ndi California zinaloleza chamba koma lamulo la boma lalikulu la America likuchiletsabe, ndipo nkhani za viza zimayendera lamulo la boma lalikululo. Ndiye anzake akamamuuza kuti kuno n'chololedwa aise, kwa iye mlendo sichololedwa. Adziwenso zomwe zili mu motoka yomwe wakwera, chifukwa apolisi akaimitsa pamsewu n'kupeza kanthu pansi pa mpando mafunso amagwera onse.

Kenaka msewu. America ndi dziko lalikulu Mayi, kuchoka New York kufika ku Denver ndi pafupifupi maulendo asanu a Lusaka kupita ku Chipata, ndipo anyamata akatuluka mu shoo pakati pa usiku atavina maola atatu amafuna kuyamba ulendo nthawi yomweyo kuti akafike msanga tauni yotsatira. Tulo pa chiwongolero n'toopsa kuposa nyimbo iliyonse. Agone kaye, anyamuke kutacha. Komanso musaiwale kuti Juni, Julayi ndi Ogasiti pamene ife tikufunda mabulangete awiri kuno, kumeneko ndi nthawi ya dzuwa loswa mtengo, mashoo ambiri ndi a panja, amwe madzi, ndipo atsimikize kuti inshuwalansi yake ya chipatala ikugwira ntchito nthawi ya holide ndi kunja kwa chigawo chake, chifukwa chipatala kumeneko chimadula koopsa.

Ndiye mumuletse? Ine ndikuti ayi. Ali ndi zaka 22, ali kutali, mukaletsa apitabe koma adzasiya kukuuzani, ndipo pano muli ndi mwayi waukulu woti anakuimbirani yekha n'kukuuzani zonse mpaka za buledi. Mugwirizane naye chabe: mashoo awiri kapena atatu m'malo mwa mizinda isanu ndi umodzi, ndalama yake ichoke pa ntchito ya pa sukulu, akupatseni mayina ndi manambala a anzakewo, ndipo usiku uliwonse akafika pogona atumize uthenga ngakhale wa liwu limodzi.

Koma pali china chomwe simunachifunse, ndachiona m'kalata mwanu pomwe mwatchula chilimba. Chikukupwetekani kwambiri si bandi, ndi choti mwasunga ndalama miyezi yonseyi kuti muone mwana wanu patatha zaka ziwiri ndipo iye wasankha kwina. Kodi munamuuza za chilimba chija? Ndikukayika, amayi ambiri amabisa kuti mwana asamve chisoni. Muuzeni. Osati mokalipa, mungoti mwanawe ndakusowa, ndinasunga zakuti, ndikufuna ndikuone ndi maso. Mumufunsenso mofatsa ngati pali vuto ndi mapepala, chifukwa viza ya mu pasipoti ikatha masiku mwana wa sukulu amatha kukhalabe ku America mwalamulo malinga sukulu ikupitirira, koma akatuluka ayenera kukapemphanso ina ku embasi kuti abwerere, ndipo ana ambiri amaopa kubwera kwawo chifukwa cha chimenecho koma sanena. Ngati ndi choncho, ndalama ya chilimba ikhale pambali kaye. Ndipo mumuuze akutumizireni nyimbo imodzi yomwe amaikonda kwambiri, mumvere yonse mpaka kumapeto ngakhale italika bwanji, kenaka mumufunse kuti pamene pamamugwira mtima ndi pati.

*

Amalume, ine ndimaliza gitala mu kwaya ku Matero koma ndimafuna kuphunzira kukoka nyimbo ngati mabandi a jam aja. Ndalama yopitira ku America ndilibe. Ndiyambire pati?

Mnyamata wa gitala, Matero

Mphwanga, za ulendo ziike pambali kaye, mu 2025 kungofunsira viza ya alendo kunali madola 185 osabwezedwa, ndipo mu Ogasiti 2025 America inaikanso lamulo la chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa a Zambia ndi a Malawi ofuna viza imeneyo. Mwayi wako ndi makaseti aja ndatchula pamwambapa, mashoo masauzande a Grateful Dead ali pa webusaiti ya Internet Archive, umamvera ulele, bando chabe. Sankha nyimbo imodzi, uimvere mmene anaiimbira zaka zitatu zosiyana, ndipo khutu lako lisakhale pa gitala wotsogolera yekha, umve wa besi ndi wa ng'oma mmene akumuyankhira, chinsinsi chili pamenepo. Mveranso Dave Matthews Band, mtsogoleri wake anabadwira ku Johannesburg konkuno kumwera. Koma usalumphe a kwanu, funafuna malekodi a Paul Ngozi ndi Rikki Ililonga, ndipo dziwa kuti WITCH ya Jagari Chanda inadzukanso, yakhala ikuimba ku Ulaya ndi ku America komweko. Ukatero peza wa besi ndi wa ng'oma, mupemphe abusa akuloleni kutsala mphindi 30 pulakatisi ya kwaya ikatha, mutenge korasi imodzi ya makodi awiri kapena atatu muizungulire osaima, ndipo foni ikhale pa benchi ikujambula kuti mukamvere mawa lake.