Kodi kusewera ndi kiyibodi n'kubera?

Achimwene a ku Mchinji, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mukuti anzanu akana nthawi yomwe mwamalizira gemu ya Super Mario Bros. chifukwa inu mumasewera ndi kiyibodi, iwo ndi mapadi, tizipangizo ta mabatani togwira m'manja posewera gemu. Zandikhudza kwambiri, poti nanenso zinandionekera.

Ndinakulira pa Kasungu boma. Padi yanga yoyamba inali yakaunjika, batani lakumanja linkamira osabwerera. Ndalama yogulira ina kunalibe, mayi ankangodalira mtedza wogulitsa pamsika. Ndiye ndinazolowera laputopu yakale ya amalume, usiku akagona, magetsi akakhalapo. Miyezi yambiri zala zinkauma, makamaka mu June kukamazizira. Tsiku lomwe ndinaposa anzanga onse, mnyamata amene ankasunga kope la nthawi zathu anangoti, "Za kiyibodi sitiwerengera." Lamulolo linabadwa madzulo omwewo. Ndinafika kunyumba nsima osailawa n'komwe.

Mpaka lero chimandiwawa n'chimenecho. Pa mpira wachikulunga, wa nsapato tinkamuvulitsa mpira usanayambe, osati atagoletsa kale.

Nditakula ndinadziwa kuti akatswiri enieni nkhaniyi anaikonza kalekale. Niftski, amene mu April 2021 anakhala woyamba kumaliza gemuyi mphindi 4 ndi masekondi 55 zisanakwane, anasewera ndi kiyibodi pa emulator, pulogalamu ya pa kompyuta yotsanzira makina akale a gemu otchedwa NES, ndipo nthawi yake inavomerezedwa. Choletsedwa ndi kudina kumanzere ndi kumanja pamodzi. Padi ya NES yosasinthidwa siilola zimenezo, pamene kiyibodi imalola, ndipo Mario amathamanga msanga kuposa mmene anayenera. Choletsedwanso ndi turbo, batani lodzidina lokha mobwerezabwereza.

Onaninso za gemu ya Tetris. Achinyamata anatulukira njira yogogoda padi kunsi ndi zala motsatizana, yotchedwa rolling, ndipo palibe anawaletsa, chifukwa ntchitoyo ndi ya dzanja la munthu. Ndi njira yomweyo imene Willis Gibson, ali ndi zaka 13, anafikira pomwe gemuyo inaima yokha mu December 2023. Koma kampani ya Valve mu 2024 inaletsa mu gemu yake ya Counter-Strike 2 makiyibodi omsankhira wosewera batani loti ligwire ntchito akadina awiri otsutsana. Pamenepo makina ndi amene akusewera.

Ndinene mosabisa: woletsa kiyibodi popanda kutchula chomwe ikuchita molakwika akungothamangitsa mwana wosauka. Kwathu kuno ana ambiri gemu amaidziwira pa kompyuta yobwereka. Tikawatsekera khomo limeneli, atsala angati?

Chochita

Mu emulator yanu zimitsani zolola kumanzere ndi kumanja pamodzi. Ikani foni ijambule zala ndi sikirini nthawi imodzi, kuyambira poyatsa mpaka pomaliza. Kenako pemphani anzanuwo mulembe malamulo musanapikisanenso, ndipo akaumirira, kope likhale ndi magawo awiri, la mapadi ndi la kiyibodi. Mundilembere mmene akuyankhireni.