Kwa mayi a ku Domué amene afunsa za mwana wa chimfine

Mayi anzanga, mwalemba kuti mwana wanu wa kalasi yachitatu akutsokomola, mamina ali chuchuchu, usiku thupi linatentha, ndipo sabata ino kuli mayeso, ndiye mukufunsa ngati mumutumize kusukulu. Ine ndikuti akhale kaye. Si chifukwa cha mamina ayi, ndi chifukwa cha kutentha thupiko.

Kuno ku Angónia tikadati mwana aliyense wa mamina azikhala pakhomo, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti aphunzitsi bwenzi akuphunzitsa mabenchi. Chisanu cha Juni ndi Julaye timachidziwa tonse, makamaka ana olowa m'mawa, ofika kusukulu milomo itachita mbuu. Mwana akamayetsemula ndi kutsokomola pang'ono, koma phala wamwa, akuthamangitsana ndi anzake, thupi silikutentha, muvekeni juzi, mumpatse kansalu kominira, apite. Kachifuwa kotsalira pambuyo pa chimfine kamatha kukhala sabata ziwiri, simungamudikire mpaka kathe.

Kutentha thupi ndi nkhani ina. Ngati muli ndi choyezera, 38 kapena kupitirira pamenepo mwana sachoka pakhomo. Ngati mulibe, mugwireni pamimba kapena pakhosi ndi kuseri kwa dzanja, mudziyerekeze ndi inu. Abwerere kusukulu atatha tsiku lathunthu, maola 24, thupi lili bwinobwino popanda mankhwala. Mawu akuti popanda mankhwalawo ndi amene ine ndinaphunzira mochedwa.

Mwana wanga wachiwiri anatentha thupi usiku wina mu Juni, mawa lake kuli mayeso a masamu. Mbandakucha ndinamumwetsa paracetamol, pofika nthawi yonyamuka n'kuti akuseka, wamwa tiyi ndi mbatata. Ndinati basi wachira, nyamuka. Dzuwa lisanafike pamutu ndinangoona mtsikana wa kalasi yachisanu ndi chimodzi akubwera naye atamugwira dzanja, wanyamula chikwama chake, mwana mano ali gwegwegwe, pepala la mayeso sanalembepo ngakhale theka. Paracetamol amangoziziritsa thupi kwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi, matendawo amakhala ali momwemo. Amene ndinamupusitsa tsiku limenelo ndi ine mwini.

Tsono tinapita kuchipatala, anamubaya kachala, patapita mphindi zochepa pa kachipangizo kaja panatuluka mizere iwiri. Malungo. Ine mutu wonse unali pa chimfine, poti kuno kumtunda nyengo yozizira udzudzu umachepa. Ndinaiwala kuti masabata awiri m'mbuyomo tinakagona kumaliro ku Moatize, kotentha, opanda neti. Malungo amatenga sabata kapena kupitirira asanaoneke, ndipo poyamba amafanana ndithu ndi chimfine: mutu, kuphwanya thupi, kuzizidwa, nthawi zina ndi kachifuwa komwe. N'chifukwa chake ndikuti wanuyo musangomugoneka. Lero lomwe kamuyezetseni, kaya kuchipatala kaya kwa APE, wazaumoyo wa m'mudzi mwanu, poti nawonso amayeza malungo. Akampatsa Coartem, amalize masiku onse atatu ngakhale atadzuka tsiku lachiwiri, ndipo azimwera chakudya.

Akapezeka alibe malungo, mwina ndi chimfine chachikulu chija chogwetsa munthu mwadzidzidzi. Chimenecho ndi kachilombo ka vayirasi, amoxicillin sachita kanthu, ndiye makapisozi otsala a munthu wina kapena ogula patebulo pamsika asiyeni. Aspirin musampatse mwana wa chimfine ngakhale pang'ono, amatha kuwononga chiwindi ndi ubongo. Mumpatse paracetamol monga akuuzirani achipatala, madzi ambiri, phala, thobwa, tiyi wa mandimu ndi uchi, agone. Mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka pofuna kumufunditsa, utsi wake suoneka koma umapha.

Ganiziraninso za anzake. Chimfine chimayamba kufala tsiku limodzi munthu asanadwale, ndipo masiku atatu oyambirira ndi amene chimafala kwambiri. M'kalasi mwathu muno ana amakhala mothithikana, mawindo atseka chifukwa cha mphepo, botolo la madzi limodzi amwera anayi. Mmodzi mwa iwo kwawo kuli khanda la miyezi iwiri, wina amagona ndi agogo a mphumu. Komanso pakhomo panu, wodwalayo asasanduke wolera mwana poti wakhalapo. Timachita zimenezi, inu mwapita kukakumba kachewere, iye mwam'bereketsa mng'ono wake tsiku lonse, akumutsokomolera kumaso.

Pali zina zosadikira n'komwe kuti kuche. Mwana akamapuma mofulumira kapena mobanika, pansi pa nthiti pakulowa mkati akamakoka mpweya, chimenecho chikhoza kukhala chibayo. Akakomoka, akauma khosi, akamasanza chilichonse, akakana kumwa, akamangogona osadzutsika bwino, funani njinga yamoto usiku womwewo. Chimodzimodzi akaoneka ngati wachira kenako thupi n'kutenthanso kuposa poyamba. Nsungu zotuluka thupi lonse pamodzi ndi maso ofiira, ganizirani chikuku, asayandikire kusukulu. Wotsegula m'mimba kapena kusanza akhalenso pakhomo mpaka zitasiya, akumwa madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi aja. Chifuwa chikapitirira sabata ziwiri, mwana akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, akamuyeze TB.

Za mayesozo musade nazo nkhawa kwambiri. Mawa m'mawa pitani nokha kapena muimbireni mphunzitsi wake, mumuonetse kapepala ka kuchipatala kuti masiku ojombawo adziwike chifukwa chake, mupemphe tsiku lina loti adzalembe. Wanga uja analemba Lachiwiri la sabata yotsatira, atakhala yekha patsogolo pafupi ndi tebulo la aphunzitsi. Mukabwerako koyezetsa mutiuze zimene apeza.