Buford, tauni ya munthu mmodzi: anthu enawo anapita kuti?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo atamva za Buford, kamalo ka m'chigawo cha Wyoming ku America kamene chikwangwani chake chinkalengeza kuti kumeneko kumakhala munthu mmodzi yekha. Akufunsa kuti anthu ena onse anapita kuti, komanso kuti malo opanda khonsolo ngati amenewa amawalamulira ndani.

Funso lanu, mayi, landifika pamtima chifukwa ine ndinakulira pa kasiteshoni ka sitima kumene bambo anga ankagwira ntchito yokonza njanji. Tsiku la sitima ya anthu likafika, amayi ankandandalika mabeseni a nthochi, nzimbe ndi zitumbuwa m'mbali mwa njanji, ndipo malonda onse ankatheka pa mphindi zochepa zimene sitimayo inkaima, ogula akuponya ndalama pa windo, ife ana tikuthamangira kutola zimene zagwera m'miyala. Sitimayo itayamba kubwera mwa apo ndi apo, ogulitsa anasowa, wagolosale anakhoma chitseko, ndipo mabanja a antchito, ifenso pamodzi, tinalongedza n'kubwerera kumidzi kwathu. Sindikumbukira munthu aliyense akudandaulira malowo, pakuti aliyense anali ndi kwawo kumene kunali munda wake ndi manda a makolo ake.

Buford inabadwanso ndi njanji. Inayamba m'zaka za m'ma 1860 pamene kampani ya Union Pacific inkayala njanji yolowera kumadzulo kwa dzikolo, ndipo inapatsidwa dzina la John Buford, mkulu wa asilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Amati pa nthawi ina anthu anafika 2,000, koma ambiri mwa iwo anali antchito amene ankasuntha pamodzi ndi njanjiyo, ndipo malo okwera mafiti 8,000 pakati pa mizinda ya Cheyenne ndi Laramie, kumene mphepo yozizira imawomba osapuma, sakanawapatsa chifukwa chokhalira ntchito itatha.

N'chifukwa chake ndimakana ndithu ndikamva anthu akuimvera chisoni Buford ngati mudzi umene unatha ndi mliri. Msasa wa antchito ukaphwasuka ndiye kuti wakwaniritsa chimene unamangidwira, basi. Don Sammons anasamukira kumeneko mu 1980 ndi banja lake, anagula malowo mu 1992, ndipo mkazi wake atamwalira, mwana wake n'kuchoka, anatsala yekha akugulitsa mafuta a galimoto ndi tinthu ta m'sitolo kwa odutsa pa msewu waukulu wa Interstate 80. Nambala ya 1 ija pa chikwangwani inkaimitsa apaulendo kuti ajambulitse chithunzi, ndipo woima kaamba ka chithunzi amagulako kanthu. Kwa ine nambala imeneyo inali chokopera malonda. Umboni wake ndi wakuti mu 2012 malowo, okwana maekala pafupifupi 10 pamodzi ndi sitolo, nyumba ndi kasukulu kakale, anagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wa madola 900,000 kwa wamalonda wa ku Vietnam, Phạm Đình Nguyên, amene chaka chotsatira anawonjezera dzina loti PhinDeli pofuna kutsatsa khofi wake. Malo amene munthu mmodzi angathe kuwagulitsa onse tsiku limodzi, popanda nyakwawa kapena mbumba yoti afunse, ndi katundu wa mwini wake.

Nanga amalamulira ndani?

Ngakhale atolankhani ankakonda kumutcha Sammons meya, palibe amene anamusankha. Malo otere alibe boma lawolawo, choncho Buford ili m'manja mwa boma la dera la Albany County, limene likulu lake ndi Laramie, ndipo nkhani za chitetezo ndi msonkho wa malo zimayendera kumeneko.