Tebulo la mayi anu musalipake penti woyera musanalione mkati

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota, ndipo ndaifupikitsa chonchi: "Ndangolowa kumene nyumba ya lendi pa boma. Mayi anga anandipatsa tebulo, mipando inayi ndi kabati zomwe akhala nazo kuyambira ndili mwana. Zonse zafwifwa, mpando umodzi ukugwedera, ndipo pansi pa kabati pamagwa tiufa. Ndikufuna kuzipaka penti woyera ngati zomwe ndimaona pa Facebook. Ndalama ndi zochepa, apongozi akubwera pa Khirisimasi. Ndiyambire pati?"

Mayi, musayambire ku hadiweya. Chigubu cha penti chidzakhale chomalizira kugula, mwinanso simudzachigula n'komwe.

Tulutsani katundu yenseyo panja m'mawa, mumutsuke ndi madzi a sopo ndi kansanza, aume pamthunzi. Kenako gadamitsani tebulolo, mupale kunsi kwake ndi mpeni pang'ono chabe. Thabwa likatuluka lofiirira, lolemera, la mizere yokongola, ndiye kuti mwina ndi mlombwa kapena mbawa, mitengo yomwe akalipentala akale ankakonda. Lero thabwa la mlombwa kulipeza ndi ntchito, ndipo ukalipeza mtengo wake umathawa wekha. Kukwirira thabwa lotero ndi penti woyera ndi kutaya chuma. Likatuluka loyererako, lopepuka, loti chikhadabo chikulowa, ndi paini kapena malaina. Limenelo pakani mtundu uliwonse womwe mtima wanu wafuna, sindikuletsani.

Tiufa ta pansi pa kabati ndi tomwe tandidetsa nkhawa. Yang'anitsitsani. Mukaona timabowo tating'ono ngati pobaya singano, muli tizilombo toboola matabwa. Mukaona timizere ta dothi tokwera mwendo kapena kumbuyo, chimenecho ndi chiswe, ndipo chikuchokera pansi kapena m'khoma, choncho auzeni eni nyumba msanga. Pa timabowoto, tengani jakisoni wopanda singano, mudonthezeremo parafini bowo ndi bowo, kapena mankhwala otetezera matabwa ngati thumba lalola. Chitirani panja, kutali ndi mbaula. Mukatero yalani pepala pansi pa kabatiyo kwa sabata imodzi. Ufa ukagwanso, bwerezani. Ena akuuzani kuti mupake oyilo wakuda wa galimoto. Ameneyo ndi wa mitengo ya khola, osati kabati yosungamo mbale, ndipo penti sagwiranso pomwe papita oyilo. Ngati kumbuyo kwa kabatiyo kuli bolodi ya utuchi yomwe yatupa ndi madzi, musataye nthawi, siibwereranso. Ichotseni, kalipentala akudulireni pulayiwudi.

Mpando wogwedera usakhomedwe misomali. Msomali umang'amba thabwa louma, ndipo pakatha mwezi mpando umayambanso kuvina. Zulani mwendowo, mupale guluu wakale yense mpaka thabwa lioneke, mupake guluu woyera wa matabwa mbali zonse ziwiri, mubwezeretse. Zopanira za akalipentala simukuzifunika: pitani kwa okonza njinga za kabaza akupatseni chubu chakutha, muchidule malamba, mumange mpandowo mokoka kwambiri. Guluu wofinyikira kunja mupukute ndi kansanza konyowa asanaume. Mpandowo ugone choncho mpaka mawa, ndipo muuze ana kuti aliyense asakhalepo.

Tsopano ntchito yeniyeni, yomwe pa Facebook sakuonetsani chifukwa siyosangalatsa: kupala. Gulani sandipepa ya manambala atatu, 80, 120 ndi 220. Nambala yaing'ono ndiye yokhakhala. Yambani ndi 80 kuchotsa vanishi wakale, 120 kufafaniza mikwingwirima, 220 kusalaza. Kulungani sandipepayo pa kathabwa kuti dzanja lisakumbe maenje, ndipo muzitsata mizere ya thabwa, osapingasa. Mzere umodzi wopingasa suoneka pa thabwa louma, koma mukangopaka vanishi umatulukira poyera. Mangani kansalu pamphuno, makamaka ngati pali penti wakale, chifukwa penti wina wakale amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loipa kwa ana. Pomaliza pukutani ndi nsanza yonyowa pang'ono. Mtundu womwe thabwa lionetse likanyowa ndi womwe lidzakhale nawo mukapaka vanishi. Apo mpamene mugamule za penti woyera uja, ndipo ndikukayika ngati mudzamufunabe.

Vanishi woyamba musungunule ndi tepentaini pang'ono, mafuta osungunulira penti aja, kuti alowe m'thabwa. Akauma, pitanipo mopepuka ndi 220, mupukute, mupakenso. Kupaka kopyapyala katatu kumaposa kupaka kochindikala kamodzi, komwe kumatsika misozi ndi kukhala konata masiku ambiri. Lita imodzi imakwanira malo pafupifupi masikweya mita 10 popaka kamodzi. Ngati kabati ndi ya paini ndipo mwasankha penti, ikhale ndi penti woyambira pansi kenako wa oyilo. Penti wa madzi ngwa khoma, pa kabati amada ndi zala.

Za nyengo n'zofunika kwa inu a kunyanja. Mvula ikayamba, chinyezi cha ku Nkhotakota chimachedwetsa vanishi kuuma, nthawi zina amayera ngati wathiridwa mkaka. Chitani ntchitoyi mvula isanakhazikike, m'mawa, pamthunzi, osati padzuwa la Okutobala lomwe limaumitsa pamwamba mkati mukadali mwamadzi. Pakani m'chipinda chotseka mbali ya mphepo koma cholowa mpweya. Ndipo mukaona nkhungu zafuka panyanja ngati utsi, tsekani chitini, tsiku limenelo musapake. Zikatera pa vanishi wosauma, mudzapala tebulo lonse kachiwiri. Usiku musasiye getsi loyaka pomwe pali katundu wopakidwa, limaitana tizilombo.

Khoma ndi la eni ake, ndiye afunseni kaye musanalipake, mwina angavomere kuchotsera pa lendi. Laimu ndi wotchipa ndipo amaziziritsa maso, koma amayeretsa zovala za wotsamira, komanso amawotcha m'manja ndi m'maso pomupaka. Ine ndikanapaka laimu kuchipinda ndi kukhonde, penti wa madzi pabalaza pokha. Pomwe pali chuku, tsukani ndi jiki wosungunula, paume, kenako mupake. Kabati isagunde khoma, pakhale mpata wolowa dzanja.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha m'chitini chinakwera mtengo, pomwe zoluka zathu zili pakhomo pompano. Kapeti m'dera la mchenga ngati lanulo ndi chilango; mkeka wa mlaza mumangoukutumula panja basi. Mukamadzera msewu wa M5 kapena wa ku Senga Bay ku Salima, imani muone madengu, mikeka ndi mipando ya nsungwi. Malichero atatu osiyana kukula, opachika pamodzi pakhoma loyera, amakongola kuposa maluwa a pulasitiki ofwifwa ndi fumbi. Koma atatu okha, Mayi, musasandutse balaza kukhala msika.

Pa mipandoyo, gulani siponji, telala akusokereni zikuto za chitenje zokhala ndi zipi ndi tizingwe tomangira kumsana kwa mpando. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chingakwane mipando inayi ngati kunsi mwaika nsalu wamba. Muchichape kaye musanapite nacho kwa telala, chifukwa zina zimafupika ndi kusuluka. Kupanda kutero apongozi adzanyamuka ndi maluwa pa diresi. Makatani kafufuzeni pa kaunjika, mashiti a bedi ochindikala amagwira ntchito yomweyo. Sankhani mitundu iwiri yochokera m'chitenjecho, zina zonse zitsate imeneyo.

Ndalama zikaperewera, dongosolo lake ndi ili: parafini ndi guluu, sandipepa ndi vanishi, kenako chitenje. Khoma lingadikire malipiro a mwezi wamawa. Vanishi womaliza apakidwe kutatsala sabata zosachepera ziwiri kuti alendo afike, kuti fungo lithe ndiponso mbale yotentha isadinde chizindikiro patebulo. Mukapala kunsi kuja, nditumizireni chithunzi ndikuuzeni ngati ndi mlombwa.