Kodi mitundu ya metonymy ilipo ingati?

Wophunzira wina wa zinenero wandilembera imelo mutu utamuima. Akuti buku lina lamupatsa mitundu 7 ya metonymy, lina 3, linanso 2 yokha, ndiye akufunsa kuti olondola ndi ati, iye aloweze ziti.

Mnzanga, musaloweze kaye. Mabukuwo sakukangana kwenikweni, kungoti aliyense mwa olembawo anali ndi funso lake.

Tikati "ketulo yawira", tonse timadziwa kuti chitsulo sichiwira, awira ndi madzi. Tatchula chotengera pofuna kunena za m'kati mwake. Metonymy ndi imeneyo: kutchula chinthu china kuti maganizo a womvera afike pa chinzake chimene chimakhalira nacho limodzi. Metaphor imalumikiza zinthu zotalikirana, monga tikati munthu waukali ndi moto. Katswiri wa zinenero Ronald Langacker mu 1993 anafotokoza kuti chotchulidwacho chili ngati popondera: maganizo amaponda pa chooneka msanga kuti afike pa chimene akufuna.

Mitundu 7 mwaionayo ndi ya George Lakoff ndi Mark Johnson, m'buku lawo la 1980, Metaphors We Live By. Iwo ankafunsa kuti n'chiyani chikuimira chiyani. Nayi ina mwa mitunduyo. Chiwalo chimaimira munthu yense, monga "pantchitoyi pakufunika manja ambiri". Wopanga amaimira chopangidwa: "wagula Ford", kutanthauza galimoto yopangidwa ndi Ford. Malo amaimira bungwe kapena boma, "Washington yakana" (boma la America), komanso amaimira zimene zinachitikira pamenepo, "Hiroshima isadzachitikenso" (kuphulitsidwa kwa mzindawo ndi bomba la atomiki). Wolamula amaimira olamulidwa, n'chifukwa chake timati Napoleon anagonja ku Waterloo ngati kuti anamenya nkhondoyo yekha. Mndandandawu ndi wabwino poyambira, koma ulibe pothera. Aliyense angawonjezerepo zake mpaka kuche.

Zoltán Kövecses ndi Günter Radden, mu 1998 ndi 1999, anafuna kuika dongosolo pa mulu umenewu. Anatenga ganizo la Lakoff la 1987 lakuti zimene timadziwa zimasungidwa m'mutu m'magulumagulu, kenaka anagawa metonymy pawiri: ya pakati pa chinthu chathunthu ndi mbali zake, ndi ya pakati pa mbali ziwiri za gulu limodzi. Manja aja ali ku mtundu woyamba. Ketulo ndi madzi ali kwachiwiri, pamodzi ndi wopanga ndi chopangidwa, choyambitsa ndi chotsatira.

Francisco Ruiz de Mendoza ndiye anatsutsadi apa. Kwa iye mtundu wachiwiriwo kulibe. Nthawi zonse china chimakhala m'kati mwa chinzake: mwina chotchulidwa ndi kachigawo ka chimene tikutanthauza, ngati manja pa munthu, mwina chimene tikutanthauza ndi kachigawo ka chotchulidwa, ngati madzi pa ketulo. Ndimaikonda mfundo yake chifukwa mutha kuiyesa nokha. Iye amati tikapitiriza kuyankhula, mawu olozera m'mbuyo amagwira chachikulucho. Taonani: "Ketulo yawira, iphuleni." Ka i kameneko kakuloza ketulo, osati madzi.

Koma amene ananditsegula maso ndi Klaus-Uwe Panther ndi Linda Thornburg, eni mitundu 3 ija. Funso lawo linali lina: metonymy ikugwira ntchito yanji pokambirana? Ina imaloza chinthu, ngati zonse tatchulazi. Ina imakhala pa mneni. Mukamva kuti "anatha kumaliza ntchitoyo", simuganiza kuti anangokhala nazo mphamvu, mumamva kuti anamalizadi. Kuthekera kwaimira kuchitika. Yachitatu imagwira chiganizo chonse. Wina akati "Mungatsekeko chitseko?" safuna kudziwa ngati mikono yanu ili bwino, akukupemphani. Kutha kuchita ndi kachigawo kamodzi ka nkhani yonse ya kupempha, ndipo kachigawoko kaimira pempho lonse. Nditamvetsa izi ndinasiya kuona metonymy ngati chokometsera ndakatulo. Ulemu wathu wambiri poyankhula umadutsa njira imeneyi.

Mudzakumananso ndi Yves Peirsman ndi Dirk Geeraerts, amene mu 2006 anati malire a mitunduyi si akuthwa: pakatikati pali chinthu chogwirika ndi chigawo chake, zina zonse zikumka zitalikira pang'onopang'ono.

Tsono pa ntchito yanu, yambani ndi ziganizo zimene mwasonkhanitsa. Ngati mukufufuza mmene mawu amasinthira tanthauzo, Kövecses ndi Radden akuthandizani. Ngati nkhani ndi galamala, pitani kwa Ruiz de Mendoza. Ngati mukumvetsera anthu akupemphana, kulonjezana ndi kukanirana, tengani Panther ndi Thornburg. Lembani poyera pa tsamba loyamba kuti mwasankha kagawidwe kati ndi chifukwa chake, ndipo chiganizo chikakana kulowa mu mtundu umodzi, musachikakamize. Chilembeni pambali, munene mitundu iwiri imene chikugwirako.