Mafunso ndi Mayankho: Inshuwalansi ya Kuchipatala Ikatha Pakati pa Chaka ku America

*Ntchito yanga yatha ndipo andiuza kuti inshuwalansi ya kuntchito ithera pa 31 Malichi. Anzanga akuti ndidikire mpaka Novembala kuti ndigule ina. Kodi ndi zoona?* — Bambo wa ku Texas

Ayi bambo, musadikire. Nyengo imene aliyense amaloledwa kulembetsa ku Marketplace, msika wa inshuwalansi womwe udabwera ndi lamulo la Affordable Care Act la mu 2010, imayambadi pa 1 Novembala. Koma munthu amene inshuwalansi yake yatha chifukwa cha kutha kwa ntchito amapatsidwa mpata wakewake wotchedwa Special Enrollment Period. Kaya adakuchotsani kapena mudasiya nokha ntchitoyo, mpatawo mulinawo.

Masiku ake ndi 60 inshuwalansi isanathe ndi 60 itatha. Amawerenga kuchokera tsiku limene inshuwalansiyo yathera, osati tsiku lanu lomaliza kuntchito. Makampani ena amaidula tsiku lomwelo, ena amadikira mwezi uthe, choncho funsani ku ofesi yoona za ogwira ntchito akupatseni kalata yosonyeza tsikulo.

Ambiri amangomva za masiku 60 a pambuyo, n'kuiwala a poyambawo, pomwe a poyambawo ndiwo aphindu. Inshuwalansi yatsopano imayamba pa 1 wa mwezi wotsatira mutasankha. Mukasankha pasanadutse pa 31 Malichi, iyamba pa 1 Epulo, popanda tsiku lokhala opanda chitetezo. Mukasankha pa 3 Epulo, iyamba pa 1 Meyi, ndipo mukadwala mu Epulo bilu yonse ndi yanu. Pakadutsa pa 30 Meyi, mpata watsekeka.

Ku Texas mumalembetsa pa HealthCare.gov, pomwe zigawo zina monga California ndi New York zili ndi misika yawoyawo. Kuti mugule kumeneko muyenera kukhala m'dzikomo movomerezeka ndi malamulo. Akakupemphani umboni, amakupatsani masiku 30 mutasankha kuti mutumize kalata ya kampani kapena ya ainshuwalansi yokhala ndi dzina lanu komanso tsiku lothera. Ndipo dziwani kuti kusankha pakokha sikukwanira: inshuwalansi sigwira ntchito mpaka mutalipira ndalama ya mwezi woyamba, ndipo ndalamayo imapita ku kampani ya inshuwalansi, osati ku Marketplace.

*Ndidalephera kulipira kwa miyezi ingapo, inshuwalansi yanga n'kudulidwa. Kodi nanenso ndili ndi masiku 60?* — Mayi wa ku Indiana

Pepani mayi, mulibe. Lamulo limayang'ana chifukwa chimene inshuwalansi yathera. Ikadulidwa chifukwa chosalipira, kapena mukaisiya nokha mwadala, mpata wapaderawu superekedwa. Chimodzimodzinso ngati yomwe yatha inali ya kanthawi kochepa ija amati short-term. Lamuloli lilipo kuti anthu asamadikire kudwala kaye kenako n'kumakagula.

Musataye mtima. Medicaid (inshuwalansi ya boma ya anthu opeza ndalama zochepa) ndi CHIP (inshuwalansi ya boma ya ana) salembetsa mwa nyengo, mutha kupempha tsiku lililonse. Ngati mudalephera kulipira chifukwa ndalama zolowa pakhomo zatsika, pemphani lero lomwe, makamaka chifukwa cha ana, poti malire a ndalama a CHIP ndi okwera kuposa a akuluakulu. Palinso zinthu zina zimene zimatsegula mpata watsopano, monga kubadwa kwa mwana.

*Kampani yanditumizira mapepala a COBRA. Nditenge imeneyi kapena ndipite ku Marketplace?* — Mayi wa ku Maryland

COBRA ndi lamulo lokhudza makampani a antchito 20 kapena kuposa, lomwe limakulolani kupitiriza inshuwalansi yomwe ija ya kuntchito, kawirikawiri kwa miyezi 18. Kuwawa kwake ndi mtengo: mumalipira gawo lanu, gawo limene kampani inkakulipirirani, ndiponso akhoza kuwonjezera 2 peresenti. Muli ndi masiku 60 oti musankhe, kenako masiku 45 oti mulipire koyamba, ndipo mukalipira imabwerera m'mbuyo mpaka tsiku lomwe yakale idathera. Inde, miyezi yonse ya m'mbuyoyo mumailipiranso.

Msampha uli apa. Mukatenga COBRA, masiku 60 a ku Marketplace aja amapitirira kuwerengedwa. Mukasintha maganizo asanathe, mutha kusamuka. Koma mukaona mwezi wachisanu kuti mtengo wakulemerani n'kuisiya, mudzapeza kuti mpata udatha kale, ndipo kusiya COBRA mwa kufuna kwanu sikutsegula wina. Umatsegukanso pokhapokha miyezi yonse ya COBRA itatha, kapena kampani itasiya kuthandizira ndalama zimene inkathandizira, apo ayi mudikire Novembala.

Pali amene COBRA imawakomera. Ngati muli pakati pa chithandizo chachikulu, monga cha khansa, kapena muli oyembekezera ndipo dokotala wanu salandira inshuwalansi za ku Marketplace, kupitiriza yakaleyo n'kwanzeru. Ganiziraninso deductible, ndalama imene mumayamba mwatulutsa nokha inshuwalansi isanayambe kulipira. Ngati mudaikwaniritsa kale chaka chino, inshuwalansi yatsopano idzakuyambitsaninso pachiyambi. Kupatula apo, ife timati yambani mwaona mitengo ya ku Marketplace, chifukwa kumeneko boma limatha kukuchepetserani mtengo molingana ndi ndalama za banja lanu za chaka chonse. Polemba ndalamazo muphatikize malipiro amene mwalandira kale chaka chino ndi ndalama za anthu osowa ntchito ngati mukulandira. Mukalemba zochepa kuposa zenizeni, mudzabweza ndalama zimene boma lidakuchepetserani mopitirira muyezo, polemba za msonkho pa Form 8962.

*Inshuwalansi yanga yatha, koma amuna anga ali ndi inshuwalansi kuntchito kwawo. Angandilowetse tsopano? Nanga mwana wathu amene akwanitse zaka 26 posachedwapa atani?* — Mayi wa ku Georgia

Angathe, koma fulumirani. Pa inshuwalansi ya kuntchito lamulo la HIPAA limangotsimikiza masiku 30, osati 60. Anthu ambiri amasokoneza manambala awiriwa n'kufika atatseka. Masikuwo amakhala 60 ngati yomwe mwataya ndi Medicaid kapena CHIP.

Za mwana wanu amene mwati akwanitsa zaka 26: akachotsedwa pa inshuwalansi ya makolo, nayenso amapeza masiku 60 ku Marketplace, kapena 30 kuntchito kwake. Afunse tsiku lenileni lomwe amuchotse, chifukwa silikhala tsiku lobadwa nthawi zonse.

*Ndili ndi zaka 67 ndipo ndikupuma pa ntchito. Kodi zonsezi zikundikhudza?* — Agogo a ku Ohio

Agogo, ngati muli oyenera Medicare, inshuwalansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'mwamba, njira yanu ndi imeneyo. Muli ndi miyezi 8 yolembetsa Part B (gawo la Medicare lolipira madokotala ndi chithandizo cha odwala osagonekedwa m'chipatala), kuwerengera pamene ntchito yatha kapena pamene inshuwalansi ya kuntchito yatha, chimene chayamba pa ziwirizi. COBRA siimitsa miyezi imeneyi, ndipo ambiri amagwera pamenepa poganiza kuti akadali otetezeka. Mukachedwa, ndalama ya pamwezi ya Part B imakwera ndi 10 peresenti pa miyezi 12 iliyonse yathunthu imene mudakhala osalembetsa, ndipo kwa ambiri chilangocho chimakhalapobe nthawi yonse imene ali ndi Part B. Pitani ku Social Security, ofesi ya boma imene imalembetsa Medicare, mwezi umodzi kapena iwiri musanapume, mutatenga fomu ya CMS-L564 imene abwana anu adzaze potsimikiza kuti mudali pa inshuwalansi ya kuntchito.