Hilux ya dizilo ikuchedwa kusintha magiya: musathamangire kugula giyabokosi ina

Bambo ena a ku Mangochi anditumizira imelo sabata ino. Ali ndi Toyota Hilux ya dizilo, 3.0 D-4D, ya otomatiki. Akuti m'mawa imayenda bwino, koma ikatentha imachedwa kusintha magiya, ndipo ikasintha imachita kugunda. Kawiri konse akukwera mapiri a Chowe kupita ku Namwera, galimoto inakakamira pa giya imodzi, koma atazimitsa n'kulizanso inayenda ngati palibe chachitika. Makaniko wawauza kuti agule giyabokosi ina. Funso lawo n'lakuti: kodi yathadi?

Bambo, ndalamazo muyambe mwazisunga. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona umboni woti giyabokosi yafa, ndipo ine ndikanayambira ku injini.

Chifukwa chake n'ichi. Giyabokosi ya otomatiki siisankha yokha nthawi yosintha giya. Kompyuta imayang'ana mmene mwapondera moto, liwiro la galimoto ndi mphamvu imene injini ikutulutsa, ndiye n'kulamula. Injini ya dizilo ikafooka, inuyo mumaponda moto kwambiri mosadziwa kuti galimoto iyende ngati kale. Kompyuta ikaona phazi lapita pansi imaganiza kuti mukufuna kupitirira galimoto ina, choncho imagwira giya yaing'ono nthawi yaitali. Mlandu umagwera giyabokosi pomwe wolakwa ali kutsogolo.

Nanga chimafooketsa injini n'chiyani? Choyamba ndi fyuluta ya dizilo. Tonse tikudziwa zimene timachita mafuta akasowa pa mapampu: timagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo muja mumakhala madzi, fumbi, nthawi zina parafini. Fyuluta ikatseka, galimoto imayenda bwinobwino pa msewu wosalala wa ku Liwonde, koma pa chitunda mafuta sakwanira. Chachiwiri ndi fyuluta ya mpweya, imene fumbi la misewu yopita kumadoko limaitseka msanga, pamodzi ndi kasensa koyeza mpweya kamene kali pafupi nayo. Onaninso mapaipi a tabo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) ngati sanang'ambike, komanso valavu ya EGR, yobwezera utsi wina mu injini, imene imadzaza mwaye pa galimoto za dizilo zoyenda kwambiri. Zonsezi mtengo wake sufika n'komwe pa wa giyabokosi.

Tsopano za oyilo wa giyabokosi, amene timamutcha ATF. Ngati yanu ili ndi dipisitiki, muyeze galimoto itatentha, injini ikulira, giya ili pa P, pamalo osapendekeka. Dontheza pa pepala loyera. Wabwino amakhala wofiira ndipo amaonekera. Akakhala wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera, ndiye kuti mkatimo mwatentha. Akakhala wa pinki wotuwa ngati mwathira mkaka, imani pomwepo, musayendenso: oyiloyu amazizira podutsa m'kachipinda kam'kati mwa radiyeta, ndipo kakabooka madzi amalowa n'kuyamba kuwononga timbale ta kilatchi. Pa galimoto zopanda dipisitiki, mlingo amayezera pansi pa giyabokosi oyilo atafika kutentha koyenera, ndiye imeneyo ndi ntchito ya ku galaja.

Chimene chimandipweteka mtima ndi nkhani ya mtundu wa oyilo. Toyota ili ndi Type T-IV ndi WS, ndipo ndi oyilo awiri osiyana. Koma ukapita kogula amangoti "ATF ndi ATF, bwana," n'kukupatsa botolo lililonse lofiira. Oyilo wolakwika amayambitsa kugunda kumene mukunenaku. Werengani m'buku la galimoto kapena pa dipisitiki penipeni, mugule womwewo. Mufunsenso kuti amene anathira komaliza anathira uti.

Kutentha kwa kwathu kuno nakonso sikuthandiza. Mwezi wa Okutobala, galimoto yodzaza matumba a usipa, kenako chitunda cha Chowe, oyilo amatentha kupitirira muyeso. Pokwera musaisiye pa D kuti izingosinthasintha. Itsitseni nokha pa 3 kapena 2, ndipo muonetsetse kuti radiyeta siinatsekeke ndi matope kapena udzu.

Kukakamira pa giya imodzi kuja ndi kumene kukundipatsa chiyembekezo. Kompyuta ikaona chizindikiro chosamveka imatseka galimoto pa giya imodzi, kawirikawiri yachitatu, kuti mufike kunyumba osawononga zambiri. Mukazimitsa imayambiranso. Chitsulo chothyoka sichichira chifukwa mwatembenuza kiyi. Choncho vuto lotere nthawi zambiri ndi la magetsi: sensa, solenoid (kavalavu kamagetsi kotsegula ndi kutseka njira ya oyilo mu giyabokosi), waya wodyedwa ndi makoswe, pulagi yolowa madzi, ngakhale batire yofooka ndi mateminolo a dzimbiri.

Kompyuta imasunga nambala ya vutolo. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 polumikizira makina owerengera. Nambala zoyamba ndi P07 zimaloza ku giyabokosi: P0715 ndi P0720 ndi masensa a liwiro, P0750 ndi solenoid yosintha giya, P0741 ndi kilatchi ya mu torque converter (chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi). Mukaona P0101, vuto lili ku mpweya wolowa mu injini. Muwauze amakaniko alembe manambalawo papepala asanawafufute, chifukwa ena amangofufuta, getsi lochenjeza la pa dashibodi n'kuzima, inu n'kulipira, mawa lake vuto lili pompo.

Giyabokosi yothadi imadzionetsa mwina. Injini imalira kwambiri galimoto osathamanga, mukaika pa D kapena R imatenga nthawi isanagwire, oyilo ndi wopserera, ndipo akatsegula sampu, mbale ya oyilo ya pansi pa giyabokosi, amapeza tizitsulo tambiri pa maginito. Zikapezeka zimenezi, makaniko wanu ananena zoona. Ndipo ikadzafera panjira musaikoke ndi chingwe mtunda wautali, chifukwa injini ikazima pampu ya oyilo siizungulira; ikwezeni pa lole.

Loweruka lino sinthani mafyuluta awiri aja, yezani oyilo, tsukani mateminolo a batire, kenako mukawerengetse manambala. Mukawapeza nditumizireni, pamodzi ndi chithunzi cha dontho la oyilo papepala.